Adokotala, mafunso a mayeso ali pa gulu lathu la WhatsApp, kodi ndabera kale?

"Adokotala, ndine mtsikana wa chaka chomaliza cha udokotala, mayeso omaliza atsala masabata 7. M'kalasi mwathu muli gulu la WhatsApp lomwe anthu amaponyapo ma recalls, mafunso omwe anzathu a zaka zam'mbuyo ankaloweza polemba nkudzawalemba atatuluka, ndipo akuti ambiri amabweranso momwemo. Fayiloyo ndatsegula kale kawiri. Pano akupangana kuti tsiku la OSCE, mayeso aja timazungulira masiteshoni nkumaonetsa ndi manja mmene tingamuthandizire wodwala eksamina akuona, olowa m'mawa azidzatitumizira ife amasana zomwe zili pa masiteshoniwo. Admin wa gululo ndi mnzanga wapamtima. Chinanso chikundisowetsa tulo, mu logibuku yanga, buku lomwe amatisainira zomwe tachita pa wodi, muli ma LP awiri (kubaya singano pa msana nkutenga madzi oti akayezedwe) osainidwa omwe ndinangoonerera, singano sindinaigwire. Chaka chatha ndinalemba sapu, mayeso obwereza aja, ndikalakwanso sindikudziwa kuti makolo ndikawauza chani, andivutikira kwambiri. Kodi ndabera kale? Angandigwire? Mnzangayu ndikamunene? Nanga ndikamadzalemba mayeso a chiphaso zimenezi zidzanditsata?"

Achemwali, pumani kaye. Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo chomwe ndikuona ine ndi munthu yemwe chikumbumtima chake chikugwirabe ntchito, chifukwa anthu omwe anazolowera kubera safunsa munthu ngati alakwitsa, amangogona tulo tawo bwinobwino. Ndaphunzitsa ndi kuyesa ana a udokotala kwa zaka zoposa 20, ndakhalapo eksamina, ndakhalaponso mu komiti yomva milandu ya ophunzira, nde ndikuuzani mmene zinthu zilili, zina zikusangalatsani zina ayi, koma pa zonse mwalembazi palibe chomwe sichingakonzeke pa masabata 7 amenewa.

Tiyambe ndi funso loti mwabera kale kapena ayi, chifukwa apa ana ambiri amasokonezeka zenizeni, si onse amanamizira. Mapasti pepa omwe sukulu yatulutsa yokha, mabuku a mafunso ogula, kufunsa mkulu wanu wa chaka chapamwamba kuti kodi mayeso a matenda a ana amakonda mitu iti, amafunsa mozama bwanji, nthawi imakwana kapena ayi, zonsezi ndi kukonzekera ndipo ine ndimalimbikitsa. Koma funso lenileni liwu ndi liwu, ndi mayankho ake asanu aja, lomwe eni mayeso analitsekera kuti adzaligwiritsenso ntchito, munthu nkulitulutsa m'mutu mwake nkulipereka kwa yemwe sanalembe, limenelo ndi likasa basi, olo mulipatse dzina lokoma loti recalls. Muyeso wake ndi wosavuta: fayilo ija mungaitsegule lekichara wanu ataima kumbuyo kwanu akuona pa sikirini? Ngati mtima wadumpha, yankho mwalipeza. Nde eya, kutsegula fayiloyo mukudziwa chomwe chili mkatimo kunali kulakwa, sindikunyengererani. Koma kutsegula kawiri nkuchita mantha ndi kosiyana kutali ndi kukonza chiwembu cha tsiku la OSCE, chimenecho sichinachitike, ndipo pamenepo mpamene muli ndi mpata wosankha.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji amabwereza mafunso ngati safuna tiwadziwe. Funso limodzi labwino limadya nthawi yambiri kulipanga, limadutsa m'manja mwa anthu angapo, kenako timaliona mmene lachitira pa mayeso, ngati likusiyanitsadi wodziwa ndi wosadziwa, nde likapezeka labwino timalisunga. Mafunso obwerezawo ndi omwenso amatithandiza kufananiza kalasi ya chaka chino ndi ya chaka chatha kuti mlingo wokhozera usamasinthesinthe. Akabooka, sikelo yonse yapindika, ndipo wovutika woyamba ndi mnzanu uja sali pa gulupo, yemwe akuwerenga moona mtima nkumaoneka ngati mbuli. Komanso ndivomereze, vuto lina ndi lathu ife aphunzitsi. Pali malekichara aulesi omwe amatulutsa pepala lomwelomwelo zaka zisanu zotsatizana, pali ena omwe amachititsa manyazi mwana pamaso pa odwala mpaka mwanayo amaphunzira kuti kunena kuti "sindikudziwa" ndi tchimo lalikulu kuposa kunama. Zimenezi zimandipweteka chifukwa ifeyo ndi amene timabzala mantha omwe amabala kuberako.

Ndipo ambiri omwe ndawaona akugwa mu zimenezi sanali anthu oipa, sanalinso mbuli. Ndi ana omwe kuyambira ali aang'ono ankakhala nambala wani, afika ku udokotala apeza kuti aliyense ndi nambala wani, zowerenga ndi phiri, tulo palibe, kunyumba akuwaitana kale kuti adokotala, nde kulakwa mayeso kumaoneka ngati imfa. Kenako akuluakulu a chaka chapamwamba amawapatsira fayilo ija ngati cholowa, amati timathandizana, aliyense amapanga, ukakana ukuoneka wodzimva. Ndikumvetsa bwino lomwe mmene munafikira pamenepo.

Funso lanu lachiwiri, loti angakugwireni. Masiku ano invijileta woyendayenda m'holo uja si amene amagwira anthu ambiri, amagwira ndi masamu. Mayeso akakhala a pa kompyuta chilichonse chimalembedwa, masekondi omwe mwatha pa funso lililonse, pomwe mwasintha yankho, zonse. Munthu akayankha funso lalitali lovuta asanathe nkuliwerenga komwe nkukhoza, akamakhoza mafunso akale onse koma atsopano nkumagwa nawo, kapena anthu 30 akalakwitsa funso limodzi posankha yankho lolakwika lofanana, zimaonekera poyera. Ndipo ma recalls amakhala ndi mayankho olakwika ambiri, pajatu analemba ndi munthu wotopa yemwe amakumbukira mwa apo ndi apo, nde cholakwika chake chija chimasanduka chidindo pa aliyense yemwe anachiloweza.

Izi si zongoopseza. Pa 31 January 2024 eni mayeso a USMLE, omwe munthu amalemba kuti apeze chiphaso cha udokotala ku America, analengeza kuti afafaniza zotsatira za anthu ena okhudzana ndi dziko la Nepal chifukwa mayankho awo ankaonetsa kuti anawaona kale mafunsowo, ndipo okhudzidwa anali 832. Ena mwa iwo anali atayamba kale maphunziro a ukatswiri mzipatala, mayeso analemba kalekale, kalata inawapeza ali pa ntchito. Mu 2010 bungwe la American Board of Internal Medicine linapereka zilango kwa madokotala 139 chifukwa chopatsirana mafunso kudzera pa kampani ina yokonzekeretsa anthu mayeso yotchedwa Arora Board Review, umboni wake unali ma imelo awo omwe. Ku India, pa nkhani ija ya Vyapam ku Madhya Pradesh komwe anthu ankalemberedwa mayeso olowera ku udokotala ndi anthu ena olipidwa, khoti lalikulu la dzikolo mu 2017 linagamula kuti ophunzira 634 malo awo achotsedwe, ena atatha kale zaka zambiri pa sukulu. Koma yomwe ikufanana kwambiri ndi yanu ndi ya ku University of Glasgow ku Scotland mu 2017, komwe ena ankauzana za masiteshoni a OSCE pa masamba a mchezo, zitadziwika kalasi yonse, anthu pafupifupi 270, inauzidwa kuti ilembenso, olakwa ndi osalakwa omwe. Nde musaganize kuti gulu lanu la WhatsApp lija lingasunge chinsinsi, pamangofunika munthu mmodzi wokwiya kapena wamantha ndi sikirinishoti imodzi.

Koma achemwali, ndikanakhala kuti ndikungokuuzani kuti musabere chifukwa mugwidwa ndikanakhala ndakulakwirani, chifukwa zoona zake ambiri sagwidwa, amamaliza, amavala gauni, amajambulitsa. Mu kalata yanu yonse chomwe chandigwira mtima ine kwambiri si fayilo ija ayi, ndi ma LP awiri aja.

Ndikuuzeni za ine. Ndili wophunzira ngati inu ndinapatsidwa bambo wina wa shuga kuti ndimuyeze ndidzamufotokoze pa raundi m'mawa. Unali usiku, ndinali nditatopa, bamboyo anali atavala masokosi atafunda, ndinamvera mtima ndi chifuwa, pa mapazi ndinangolemba kuti ali bwino osawavula. M'mawa dokotala wamkulu atamva lipoti langa sananene kanthu, anangopita kumapazi nkuvula sokosi, pansi pa chala chachikulu panali chilonda chakuya chomwe mwiniwakeyo sankachimva nkomwe chifukwa shuga inali itapha kale mitsempha ya kumapazi. Sanandikalipire pagulu. Anandiitanira pambali nkundiuza kuti ukalemba chinthu mu fayilo, aliyense wobwera pambuyo pako amasiya kuchiyang'ana chifukwa akukhulupirira kuti iwe wachiona. Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Ndikanalemba kuti mapazi sindinawaone, munthu wina akanawaona. Bodza langa laling'onolo ndi lomwe linatseka maso a anthu ena onse.

Udokotala wonse umayenda chonchi. Palibe amene amabwereza zomwe mnzake walemba, nthawi yake palibe. Namwino akalemba bipi ine ndimakhulupirira, ine ndikalemba kuti khosi la mwana silinaume wobwera usiku saganiziranso za matenda oumitsa khosi, ndikalemba kuti ndaona zotsatira za magazi palibe amene akazifufuzenso. Ndinaonapo mayi wina atachitidwa opaleshoni, usiku wonse mu fayilo mukulembedwa kuti ali bwino, manambala okongola ofanana ola lililonse, pomwe mayiyo ankataya magazi mkati mtima ukuthamanga, tinamubwezera ku fiyeta m'mawa ndipo anapulumuka mwa mwayi. Yemwe analemba manambalawo sanali chigawenga, anali mwana wotopa yemwe anazolowera kuti bokosi likakhala lopanda kanthu umangolidzaza. Chizolowezi chimenecho sichiyambira pa wodi, chimayambira pa logibuku, pa kusainirana rejisitala ya kalasi, pa kukopera lipoti la mnzako. Dzanja lomwe lazolowera kulemba zomwe silinachite silidziwa kusiyanitsa pepala la mayeso ndi fayilo ya wodwala.

Pali kafukufuku wodziwika pa nkhaniyi. Mu 2005 Maxine Papadakis ndi anzake anasindikiza mu New England Journal of Medicine zomwe anapeza atatenga madokotala 235 omwe analangidwa ndi mabungwe opereka ziphaso ku America nkubwerera kukaona mafayilo awo a ku sukulu za udokotala zitatu, powafananiza ndi anzawo omwe sanalangidwepo. Anapeza kuti omwe anali ndi mbiri ya khalidwe losayenera ali pa sukulu mpata wawo wodzalangidwa ali pa ntchito unali wochuluka katatu. Sizikutanthauza kuti aliyense wolakwitsa pa sukulu adzakhala dokotala woipa, ine ndemwe ndakuuzani za sokosi ija, koma zikusonyeza kuti khalidwe likapanda kudulidwa msanga limakula limodzi ndi mwini wake.

Nde taganizirani za LP ija. Miyezi ingapo ikubwerayi mudzakhala nokha usiku, mwana watentha thupi khosi lauma, wamkulu wanu ali ku fiyeta, pepala likunena kuti munapangapo kawiri nde palibe amene adzaganize zoti akuimirireni. Mudzafunika kudziwa ndi manja anu, osati ndi mutu wokha, mmene mumamugonekera wodwala nkumupinda, mmene mumapezera mzere wa pamwamba pa mafupa a m'chiuno kuti mulowe pakati pa mafupa a msana otchedwa L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5 pansi pa pomwe chingwe cha msana chimathera, mmene singano imamvekera ikaboola nkufika, komanso nthawi yomwe simuyenera kubaya nkomwe. Zimenezi pa WhatsApp sizipezeka. OSCE yomweyi Ronald Harden ndi anzake ku Dundee ku Scotland anaifotokoza mu 1975 pofuna kuti tizimuona mwana akuchita chinthucho ndi manja, aliyense pa muyeso wofanana, osangomva zomwe waloweza. Mukadziwiratu kuti siteshoni yachitatu ndi ya mimba yokhala kunja kwa chiberekero mukhoza bwino, koma mayi weniweni sadzabwera ndi chikwangwani, adzangoti m'mimba mukupweteka ndipo ndikumva chizungulire.

Tsopano chochita. Logibuku ndiye yosavuta kuposa zonse ndipo yambirani pomwepo. Pitani kwa dokotala yemwe mumamasuka naye pa wodi mukamuuze mosazungulira kuti ma LP awiri omwe anasainidwa ndinangoonerera, ndikufuna ndipange ndekha wina akundiyang'anira, ndipo ndikufuna zolembedwazo zikonzedwe. Pa zaka zanga zonse mwana wobwera yekha ndi mawu amenewa sindinamuonepo ngati wolakwa woti alangidwe, ndimamuona ngati munthu yemwe ndingamusiyire wodi. Sindingakulonjezeni kuti aliyense adzakulandirani chimodzimodzi, nchifukwa chake ndikuti sankhani munthu wabwino, koma kudziulula nokha nthawi zonse kumapepuka kuposa kupezeka. Musang'ambe tsamba, musafute ndi inki, kokani mzere umodzi, lembani zoona pambali, asainenso ndi deti, ngati mmene timakonzera cholakwika mu fayilo ya wodwala.

Gulu lija tulukanimo lero, ndipo fayilo musaitsegulenso kapena kutumizira wina aliyense, olo mnzanu akuchondelereni bwanji, chifukwa wogawa mlandu wake umakula kuposa wa wowerenga. Koma mvetsetsani apa, kutuluka ndi kosiyana ndi kubisa umboni. Ngati mwamva kuti kafukufuku wayamba kale musayambe kufufuta mauthenga kapena kupangana ndi anzanu zokanena, anthu ambiri omwe ndinawaona akuchotsedwa sukulu sanachotsedwe chifukwa cha kulakwa koyambako, anachotsedwa chifukwa cha bodza lomwe ananena atafunsidwa.

Za mnzanuyo ndiye zovuta, ndipo sindikufuna kuyankhula ngati ndi zophweka. Ine ndikanayamba ndi iyeyo, maso ndi maso osati pa foni. Muuzeni kuti mwatuluka ndi chifukwa chake, muuzeni kuti dzina lomwe lili pamwamba pa gululo ndi lake nde zikaphulika woyamba kugwa ndi iyeyo, mufotokozereni za ku Glasgow zija. Mwina akwiya, mwina akutchulani wodziyeretsa, koma mwinanso nayenso sakugona ndipo akungodikira wina ayambe. Bwenzi lenileni ndi lomwe limakukoka malaya ukamayandikira dzenje.

Akakana, pali njira yapakati yomwe ambiri saidziwa. Simukuyenera kuyamba ndi kupereka mayina. Mutha kudziwitsa woyang'anira mayeso, olo ndi kalata yopanda dzina, kuti pali chikonzero choti a m'mawa adzauze a masana masiteshoni komanso kuti mafunso akale ali m'manja mwa anthu. Sukulu ikadziwa nthawi ikadalipo ili ndi zochita zambiri, imatha kusunga gulu la m'mawa m'chipinda popanda mafoni mpaka la masana litalowa, imatha kusintha masiteshoni, imatha kulemba mafunso atsopano. Mukatero mwatseka bowo popanda kuwononga tsogolo la munthu, ndipo mwawapulumutsa anzanuwo ku mlandu womwe akanaupalamula. Ineyo ngati eksamina uthenga woterewu ndimauyamikira kwambiri ukabwera mayeso asanachitike kusiyana ndi pambuyo pake pomwe chotsala ndi kulanga basi. Koma mukadzaitanidwa nkufunsidwa mwachindunji, nenani zoona, zomwe munaona ndi maso anu zokha, osawonjezera za mphekesera. Ndipo werengani malamulo a sukulu yanu sabata ino, chifukwa sukulu zina zimanena poyera kuti kudziwa nkukhala chete ndi mlandu pawokha. Udindo umenewu sudzatha mukamaliza, tsiku lina mudzaona dokotala mnzanu akubwera ku ntchito ataledzera kapena akulemba zabodza mu fayilo, ndipo funso lidzakhala lomweli.

Ndinenenso mbali ina kuti chilungamo chikwane, chifukwa masukulu nawonso amalakwitsa. Mu 2021 sukulu ya udokotala ya Geisel ku Dartmouth ku America inaimba mlandu ophunzira 17 kuti ankatsegula zowerenga pa Canvas, tsamba la pa intaneti lomwe sukulu imaikapo manotsi, ali mkati molemba mayeso a pa intaneti, kenako kunaoneka kuti makinawo amatha kuonetsa ngati munthu watsegula tsamba pomwe ndi foni kapena kompyuta ina yomwe inangosiyidwa yolowa, mapeto ake milandu yonse inathetsedwa ndipo mkulu wa sukuluyo anapepesa. Nde mukadzaitanidwa ku komiti, kaya ndinu wolakwa kaya ayi, muli ndi ufulu. Pemphani kuti mlanduwo akupatseni molemba, pemphani kuona umboni, musasaine chikalata chovomera tsiku lomwelo chifukwa cha mantha kapena chifukwa wina wakuuzani kuti mukavomera msanga zipepuka, pitani ndi munthu wokuimirirani wa bungwe la ophunzira, ndipo ngati nkhani yafika poti mutha kuchotsedwa sukulu funsani loya. Kunena zoona ndi kudziteteza sizitsutsana.

Pa za mayeso a chiphaso, yankho ndi loti zomwe zalembedwa mu fayilo yanu ya sukulu zimatha kukutsatani, eya. Mabungwe opereka ziphaso m'maiko ambiri amafunsa pa fomu ngati munalangidwapo muli pa sukulu, ndipo mukafuna kukagwira ntchito dziko lina amafuna kalata yochokera ku bungwe la kwanu yotsimikiza kuti mbiri yanu ndi yoyera. Chilango chaching'ono chomwe munthu wachiulula yekha nkufotokoza zomwe anaphunzirapo nthawi zambiri chimakhululukidwa, koma kubisa pa fomu nkudzapezeka pambuyo kumatha kudyetsa chiphaso chonse. Ndipo mukamadzakonzekera mayeso amenewo mudzakumana ndi anthu pa Telegram ndi kwina ogulitsa mafunso omwe amati ndi enieni, athaweni. Ena ndi akuba chabe ogulitsa mafunso opeka, ena mafunso awo ndi enienidi, ndipo amenewo ndiye oopsa kwambiri chifukwa musanalembe mumasaina pangano loti simunaone ndipo simudzaulula mafunso, nde tsiku lomwe gululo lagwidwa mayina a ogula onse amakhala pompo.

Tsopano mantha enieni omwe ali pansi pa zonsezi, oti mwina popanda likasa simungakhoze. Masabata 7 ndi ambiri mukawagwiritsa bwino. Siyani kuwerenga manotsi mobwerezabwereza nkumapaka utoto, zimenezo zimangokupatsani chinyengo choti mukudziwa. Tsekani buku mudzifunse nokha, lembani pa pepala loyera zonse zomwe mukukumbuka za mutuwo, kenako tsegulani muone pomwe mwaphonya, mubwererenso pa mutu womwewo pakatha masiku awiri, kenako pakatha sabata. Zimawawa chifukwa umaona umbuli wako maso ndi maso, koma ndi mmene zinthu zimakhazikikira m'mutu. Pangani mafunso ambiri ovomerezeka tsiku lililonse, ndipo nthawi yambiri ithere pa kumvetsa chifukwa chomwe mayankho enawo ali olakwika. Za OSCE pezani anzanu awiri, wina akhale wodwala, wina eksamina wogwira wotchi, muzisinthana, muziyankhula mokweza ngati tsiku lenilenilo, kuyambira kusamba m'manja, kudzitchula dzina, kupempha chilolezo, mpaka kufotokozera wodwala zomwe mwapeza m'mawu oti amve. Masana pitani pa wodi mukagwire odwala enieni, mimba khumi zomwe mwazigwira ndi manja zimaposa masamba 100. Ndipo bwererani kwa amene anakulembetsani sapu chaka chatha mukafunse kuti ndinagwa pati kwenikweni, ana ambiri safunsa funso limeneli chifukwa cha manyazi nde amakonza pomwe sipanathyoke. Mayeso omaliza safuna katswiri, amafuna munthu wotetezeka, wodziwa zofala ndi zoopsa, wodziwa pomwe ayenera kuitana wamkulu.

Ndipo tinene kuti mwalakwa, chifukwa zimatheka. Mudzalira, makolo adzakhumudwa masiku angapo, mudzabwereza, kenako mudzamaliza. Ndili ndi anzanga omwe anabwereza chaka ndipo lero ndi omwe ndimawatumizira abale anga akadwala, palibe wodwala anawafunsapo kuti munamaliza pa zaka zingati. Ndikupemphani kuti makolowo muwauze panopa kuti mukuopa, musadikire zotsatira, nthawi zambiri katundu yemwe timaganiza kuti atisenzetsa amakhala woti tadzisenzetsa tokha.

Chomaliza chomwe sindikufuna muchidumphe, mwati simukugona. Kusowa tulo masiku angapo mayeso akayandikira nkwachibadwa, koma ngati zapitirira masabata awiri, ngati chakudya sichikulowa, mukungolira, mtima ukuthamanga mpaka kubanika, mukuwerenga tsamba limodzi kwa ola osalowa kanthu, kapena mwayamba kumwa mapiritsi oti musagone kaya oti mugone omwe sanakulembereni dokotala, pitani mukaonane ndi mlangizi wa ophunzira kapena dokotala yemwe si mphunzitsi wanu, sabata ino. Ife a chipatala ndife odwala ovuta kwambiri, timadziyeza tokha nkumati zitha. Ndipo ngati maganizo oti bola kufa kusiyana ndi kulakwa mayeso akubwerani olo kamodzi, imeneyo ndi ngozi ngati ngozi ina iliyonse, uzani munthu lero lomwe, musagone nokha, pitani ku chipatala. Sukulu zambiri zimalola kuimitsa mayeso pa zifukwa za umoyo ngati mwanena nthawi isanakwane, nde funsani za zimenezo msanga.

Mawa m'mawa musanatsegule buku lililonse tengani logibuku ija mupite nayo pa wodi, mukafunse kuti LP yotsatira ikuchitika liti ndipo mukapemphe kuti singanoyo mudzaigwire inu wamkulu ataima pambali panu. Mukapanga yoyamba mundilembere mundiuze mmene zayendera, komanso mmene mnzanu uja wayankhira.